Ndalandira kamphaka, koma amphaka anga akale awiri akukakana

Mayi a ku Rosettenville

Abale, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi amphaka awiri, wamkazi wa zaka 9 ndi wamwamuna wa zaka 5, onse anachitidwa opaleshoni yoti asabereke. Loweruka ndalandira kamphaka ka masabata pafupifupi 8, sikanabayidwepo katemera. Wamkaziyo akangokaona amadzuma, ubweya wonse njo, ndipo wasiya kumaliza chakudya. Wamwamuna wayamba kukodzera pachitseko cha kuchipinda. Fulati ndi yaing'ono: chipinda chimodzi, pabalaza ndi bafa. Ena akuti ndiwasiye amenyane, azolowerana okha. Kodi n'zoona?

Bambo a ku Turffontein

Mayi, musawasiye ayi. Amphaka akamenyana masiku oyambawa amatha kusungirana chidani miyezi yambiri. Alekanitseni lero lomwe. Bafalo ndi lokwanira: ikanimo kamphakako, mbale ya chakudya, ya madzi, katoni yokhala ndi bulangeti, ndi beseni la mchenga lochitiramo chimbudzi patali ndi chakudya. Chivundikiro cha toileti chizikhala chotseka, chifukwa kakagweramo sikangatuluke.

Mphaka amayamba wadziwa mnzake ndi mphuno, maso amabwera pambuyo. M'masaya mwake muli tiziwalo totulutsa fungo, n'chifukwa chake amadzikhuza nkhope pamipando ndi m'miyendo yanu. Fungo limenelo ndi lomwe limamuuza kuti pano ndi pakhomo pake. Tsono mwalowa fungo lachilendo, wamwamunayo akuyesa kuliphimba ndi mkodzo. Ameneyo wachita mantha, musamumenye, mungangowonjezera vutolo.

Tengani sokosi yochapa bwino, mupukute nayo m'masaya mwa kamphaka, muyiike pansi pafupi ndi pomwe akuluakuluwo amagona. Musawakankhire kumphuno, aipeze okha. Akainunkhiza osadzuma, apatseni kanthu komwe amakonda. Sokosi ina mupukute akuluakulu mupititse kubafa. Kawiri patsiku. Pakapita masiku atatu kapena anayi musinthanitse mabulangeti awo.

Kenako muziwadyetsa nthawi imodzi, chitseko chili chotseka pakati pawo. Mbale za akuluakulu ziyambire pamtunda wa mita imodzi kapena iwiri, tsiku lililonse muzisendeza pang'ono. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Wamkulu akasiya chakudya n'kuchoka, ndiye kuti mwafulumira; bwezerani mbale pomwe anadyera bwino dzulo lake, mukhale pomwepo masiku awiri. Akamadya mosatekeseka pachitseko penipeni, atsekereni kuchipinda theka la ola kuti kamphaka kayendeyende pabalaza.

Kuonana ndiye komaliza. Tsegulani chitseko mpata wa zala ziwiri, muchitsamiritse ndi chinthu cholemera mbali zonse, mphindi 5 zokha. Kudzuma pang'ono kapena khofi limodzi lopanda zikhadabo si nkhani, wamkulu akuika malire. Koma mukaona makutu atagonera kumbuyo, kuyang'anitsitsa osaphethira, kapena kuthamangitsa mpaka pakona, tsekani, mubwerere ku sitepe ya m'mbuyo. Ndewu ikabuka musalowetse manja, bala la mano a mphaka limatukusira msanga. Lowetsani katoni pakati pawo kapena ponyani thaulo pamwamba pa mmodzi.

Mlongo wa ku Randburg

Abambowa afotokoza bwino. Ine nditsindike za matenda, chifukwa kamphakako sikanaonedwe ndi dokotala wa ziweto. Kasakhudzane ndi akuluakulu kwa masabata awiri, ndipo za sokosi ndi mabulangeti ndingakonde mutayamba dokotala atakaona kaye. Timphaka timabwera ndi utitiri, njoka za m'mimba, chipere chomwe chimagwiranso anthu, ndi chimfine cha amphaka chomwe kuno amati snuffles. Yang'anani maso a manthongo, kuyetsemula, ndi malo ozungulira othothoka ubweya kumakutu kapena kunkhope. Pemphani akayeze magazi a FeLV ndi FIV, mavairasi a amphaka ofooketsa chitetezo cha m'thupi. Katemera wa 3-in-1, woteteza ku matenda atatu pakamodzi, amayamba pa masabata 8 n'kubwereza pa 12 ndi pa 16. Wa chiwewe ndi pa miyezi itatu, ndipo ku South Africa kuno ndi lamulo. Onaninso makadi a akuluakuluwo ngati katemera wawo sanathe nthawi. Ndalama zikavuta, pali mabungwe othandiza ziweto: Animal Anti-Cruelty League ili ku Regents Park, pafupi nanu pomwepo, ndipo SPCA ili ku Booysens. Imbani kaye mufunse.

Chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri, mayi, ndi wamkaziyo. Mphaka wamkulu, makamaka wonenepa, akakhala masiku awiri kapena atatu osadya, mafuta amaunjikana m'chiwindi ndipo akhoza kufa. Mpatseni chakudya cha m'chitini chofunditsa pang'ono, kutali ndi bafa. Akakana tsiku lathunthu, pitani naye kwa dokotala. Wamwamunayo muzimuonetsetsa akamakodza: ngati akubwerera kubeseni pafupipafupi, akudzikakamiza, akulira, koma mkodzo ukungodontha kapena osatuluka, njira ya mkodzo yatsekeka. Zimenezo ndi za tsiku lomwelo, osadikira mawa.

Panado musapatse mphaka ngakhale kachidutswa, amapha. Mankhwala a utitiri a agalu okhala ndi permethrin nawonso ndi poizoni kwa mphaka. Mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba, kapatseni madzi ndi chakudya cha timphaka, katatu kapena kanayi patsiku.

Achimwene a ku Yeoville

Za mabeseni a mchenga: amati liwerengedwe limodzi pa mphaka aliyense n'kuwonjezera limodzi, ndiye anayi. M'fulati ngati yanuyo atatu akwana, koma asakhale pamzere umodzi, chifukwa mphaka mmodzi akhoza kukhala pakhomo n'kutsekereza onse. La kamphaka likhale losaya. Mbale nazonso aliyense yake, ndipo wamkazi muzimudyetsera pamwamba pomwe kamphaka sikafika.

Pomwe wakodzera tsukani ndi sopo wa ufa wokhala ndi enzyme, mutsukuluze, paume. Mankhwala okhala ndi ammonia amanunkha ngati mkodzo, abwereranso pomwepo. Jeyes Fluid ndi Dettol ayi ndithu, ndi poizoni kwa amphaka, amaponda kenako n'kunyambita mapazi.

Feliway yolumikiza kumagetsi, yotulutsa fungo lotsanzira la m'masaya mwa mphaka, imathandiza amphaka ena, ena osasintha. Ndalama imeneyo ndi bwino iyambe yapita ku katemera. Chomwe n'chaulere ndi ichi: musanawakumanitse, seweretsani kamphaka ndi chingwe mphindi 10 mpaka 15 katope. Mphaka wa zaka 9 chimamukwiyitsa kwambiri ndi kudumphiridwa pamsana akufuna kugona.

Mayi a ku Rosettenville

Zikomo nonse, kalowa kale kubafa. Koma usiku kumazizira kwambiri mmenemo. Ndipo zonsezi zitenga nthawi yaitali bwanji?

Bambo a ku Turffontein

Katoni ichoke pamatailosi, ikhale pa thaulo lopinda, khomo lake likhale laling'ono. Ikanimo botolo la madzi ofunda lokulunga m'nsalu, mbali imodzi yokha kuti kakamva kutentha kasunthe. Hita ya palafini musaike m'chipinda chotseka chotero.

Yembekezani masabata atatu mpaka asanu ndi limodzi. Wamwamuna mwina avomera msanga, wamkazi akhoza kuchedwa miyezi, ndipo mwina sadzagona nako pamodzi, adzangokapirira basi. Mukamapita kuntchito muzikatsekerabe kubafa mpaka padutse sabata yathunthu akukhalira limodzi pabalaza inu mulipo, popanda kuthamangitsana, onse akudya ndi kukodza m'mabeseni mwawo.