Kodi wojambula angathe kusamaliranso dimba la maluwa?

Wojambula wa ku Zomba:
Abale anga, ine ndimajambula zithunzi ndi penti kunyumba, koma masiku ano nthawi yambiri ikuthera m'dimba, moti bulashi ndimaigwira dzuwa litapendeka kale. Kodi alipo wojambula wodziwika amene anakwanitsa ntchito ziwirizi?

Mphunzitsi wopuma:
Achimwene, alipo Claude Monet wa ku France. Iye anasamukira ku mudzi wa Giverny mu 1883, ndipo nyumba imene ankachita lendi anaigula mu 1890. Mu 1893 anagulanso malo ena pafupi, napatutsa madzi a kamtsinje n'kukumba dziwe, ngakhale kuti anthu ena a m'mudzimo anadandaula poopa kuti zomera zachilendo ziwononga madzi omwe ziweto zawo zinkamwa. Akakombo a m'dziwelo ndi amene anawajambula pa zithunzi pafupifupi 250, ndipo zikuluzikulu zili ku Orangerie, nyumba yoonetsera zojambulajambula mumzinda wa Paris.

Mayi wa maluwa:
Aphunzitsi anena zoona, komabe tisaiwale kuti Monet anali ndi antchito angapo osamalira dimbalo, pamene inu khasu mumagwira nokha. Ine ndikuona kuti ndi bwino muzijambula m'mawa kuwala kusanawawe, ndipo muzithirira madzulo, pakuti nthawi imeneyo madzi sauma msanga m'nthaka.

Wojambula wa ku Zomba:
Zikomo kwambiri, amayi. Mawa ndiyamba ndi mpendadzuwa umene uli kuseri kwa khitchini, mbalame zisanaumalize.