Shokapu yakumbuyo ndamanga ndekha, koma yauma ngati mwala ndipo ikuchuchanso

Mnyamata wa pa Chinamwali:
Akuluakulu, ndigawireni nzeru ndisanachite manyazi. Ndili ndi kasitomala wakabaza amene amayenda njira ya ku Kachulu, popita anthu, pobwera madengu a matemba kapena matumba a mpunga. Njinga yake ndi yamoto, ya 150, ya mashokapu awiri kumbuyo. Yakumanzere inkachucha oyilo mpaka fumbi linamatirira ngati phala, ndipo akagunda bampu njinga inkanjanja kawiri katatu isanakhazikike. Ndalama ya peyala yatsopano alibe, nonse mukudziwa mmene masipeya anakwerera chigwereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023. Ndiye Lamulungu ndinaitengera kunyumba. Mwayi wake ndi ija ya chivindikiro cha mazinga, osati yopinda kukamwa. Ndinamasula, kutsuka ndi palafini, kuika silu (kalabala kotsekera oyilo) yatsopano, kuthira oyilo, kumanga. Lolemba anaitenga. Lero Lachitatu wandipeza nkhope itakwinyika. Akuti msana ukumuwawa, shokapu ikangotsika pang'ono imaima ngati yagunda mwala, ndipo ikuchucha kuposa kale. Kodi anandigulitsa silu yabodza?

Madala a ku Matawale:
Mphwanga, silu uyambe waisiya kaye. Ndiyankhe izi. Unathira oyilo wanji? Wochuluka bwanji? Pomasula diso la pamwamba lija lomangirapo bawuti, shafiti, chitsulo chonyezimira cholowa ndi kutuluka chija, unaigwira ndi chiyani? Nanga yakumanja unaitsegulako?

Mnyamata wa pa Chinamwali:
Madala, oyilo ndinathira 20W-50 wotsala pa sevisi. Kuyeza sindinayeze, ndinangodzaza mpaka kukamwa poganiza kuti akachuluka ikhalitsa. Shafiti ndinaipana ndi pulayazi, koma ndinakulunga kansanza. Yakumanja sindinaikhudze poti sikuchucha.

Wakabaza wa ku Jali:
Kansanza! Amwene, pulayazi imadziwa kansanza?

Madala a ku Matawale:
Musamuseke, tonse tinadutsa momwemo. Ine yoyamba ndinaidzaza chimodzimodzi, mwini wake anandibwezera ali chilili osakhala pansi.

Tamvera, mphwanga. Shokapu ikamatsika, shafiti imalowa m'kati, ndipo imafuna malo ake. Tiyerekeze shafiti ya 10 mm yomwe imalowa 70 mm: imeneyo imalanda malo a mamililita asanu ndi theka, kupitirira pang'ono supuni ya tiyi. Oyilo safinyika. Mpweya ndiye umafinyika. N'chifukwa chake mashokapu amenewa ali ndi machubu awiri, cham'kati momwe mumayenda pisitoni, ndi chakunja chomwe chimakhala ndi oyilo pansi, mpweya pamwamba. Shafiti ikalowa, oyilo wotsala amadutsa pa vavu ya pansi n'kukwera m'chubu chakunja, mpweya uja n'kumupatsa malo. Iwe mpweyawo unauthamangitsa wonse. Ndiye munthu wakhala pampando, mpunga uli kumbuyo, wagunda dzenje, oyiloyo alowere kuti? Khomo lofewa ndi limodzi lokha, pa silu. Mwala umene kasitomala wako akumva ndi oyilo wako yemweyo.

Chachiwiri, 20W-50 ndi wolemera kwambiri pa timabowo ta pisitoni. Ngakhale ukanayeza bwino, m'mawa kukuzizira ngati mmene kumachitira mu Juni kuno kunsi kwa phiri la Zomba, njingayo ikanamayenda ngati ngolo.

Wowotcherera wa pa Mpondabwino:
Inu mumavutikiranji ndi zomasulamasula? Ife timaboola kabowo kunsi, oyilo wakale n'kutuluka, watsopano n'kulowetsa ndi sirinji, kenako kuwotcherera kanati n'kutseka ndi bawuti ya washa yamkuwa. Theka la ola yatha.

Achimwene a ku Songani:
Njira imeneyo ndimaidziwa, ndipo pa shokapu yopinda kukamwa, yomwe sungamasule, nthawi zina palibenso ina. Koma tinene zoona zake. Kuboola kumabwezeretsa oyilo, sikuchiza pamene oyiloyo anathawira. Pakapita masabata angapo munthu amabweranso. Komanso tizitsulo ta dirilo tikagwera m'kati timakakhala pa vavu, ndipo moto wowotcherera uli pafupi ndi vavu yomweyo. Ya mnyamatayu ili ndi mazinga, kuiboola n'kuononga chinthu chabwinobwino.

Wowotcherera wa pa Mpondabwino:
Chabwino, ndamva. Koma poti tili pomwepa ndifunseko. Wina wandisiyira shokapu imodzi yapakati ija, ya njinga za alangizi, akuti gasi anatha. Ndili ndi silinda ya okosijeni yowotcherera. Ndingapopereko pang'ono?

Madala a ku Matawale:
AYI. Achimwene, ndalemba ndi zilembo zazikulu dala. Okosijeni wopanikizika akakumana ndi oyilo amayaka yekha popanda machesi. Inuyo mukudziwa kuti geji ya silinda yanuyo simuipaka girizi, chifukwa chake n'chomwechi. Mukapopera mu shokapu mwapanga bomba n'kuliika pansi pa mpando wa munthu. M'menemo mumalowa nayitrojeni. Zokhala ndi kabotolo pambali zambiri zimafuna pafupifupi 10 bar, ndiye 150 psi, zina kuposa apo. Ndipo yagasi musaiboole mwachisawawa kapena kuiyandikiza ku moto, ngakhale mwini wake akulumbira kuti gasi anatha. Pa thupi la zambiri pamalembedwa chenjezo lomwelo.

Achimwene a ku Songani:
Kuonjezera apo, mpweya wa pampu ya matayala 78% yake ndi nayitrojeni kale, ndiye ena amaugwiritsa ntchito pa zakabotolo akasowa pogwira. Vuto lake ndi chinyezi. Ngati mwini wake angadikire, itumizeni ku Blantyre kwa odzaza nayitrojeni. Tibwerere kwa mnyamata wathu.

Mayi wa masipeya mumsika:
Ndiyankhepo poti silu zikunenedwa apa timagulitsa ndife. Mchimwene wanga, sindikudziwa kuti unagula kwa ndani, koma anyamata ambiri amabwera opanda silu yakale, amangoti "ya shokapu ya 150". Mashokapu a 150 si amodzi. Pa silu pamalembedwa manambala atatu: bowo lam'kati, kukula kwa kunja, ndi kuchindikala. Bwera ndi yakaleyo, kapena shafiti yeniyeniyo tiyezere pompo. Ndiye uonetsetse mbali. Mlomo wokhala ndi kasipuling'i kozungulira umayang'ana kumene kuli oyilo. Ukautembenuza, ngakhale silu yodula bwanji singagwire.

Mnyamata wa pa Chinamwali:
Zikomo mayi. Manambala ndinafananiza, ndipo mbali ndikukumbuka kuti ndinaika bwino. Za oyilo ndavomera kulakwa. Ndithire uti tsopano? Mnzanga wina akuti buleki fuluwidi ndi wopepuka bwino.

Achimwene a ku Songani:
Mnzakoyo umuuze asiye. Buleki fuluwidi ndi mtundu wina, amafufumitsa labala wa silu za oyilo mpaka kufewa ngati mkate wonyowa, komanso amayamwa madzi. Fufuza oyilo wa mafoko, 10W. Ukamusowa, ATF wofiira uja wa magiyabokosi a otomatiki amagwira ntchito, ndi wopepuka ndipo sachita thovu msanga. Ine pa njinga zonyamula katundu ndimakonda 10W.

Madala a ku Matawale:
Apo tikugwirizana. Koma ine mtima wanga uli pa pulayazi ija. Ukamasula usikuuno, pukuta shafiti, uyendetse chikhadabo kuyambira kumwamba mpaka kunsi, mbali zonse. Maso amanama pa chitsulo chonyezimira, chikhadabo sichinama. Pamene chakola, pamenepo ndi pomwe silu ikudyekera. Kenako uigudubuze pa galasi lathyathyathya. Ikamagwedezeka kapena kuonetsa kuwala kunsi, ndiye kuti inapindika, usataye nayo nthawi.

Ngati ndi timizere tochepa, tenga sanipepa ya 1200 yonyowetsa ndi palafini, upukute mozungulira shafiti. Osapukuta chotsika ndi chokwera, chifukwa mizere yoongoka imasanduka ngalande za oyilo. Timaenje ta dzimbiri ena amatitseka ndi supaguluu n'kusalaza. Zimagwira kwa kanthawi, ndinachitapo, koma umuuze mwini wake kuti n'chigamba. Mano a pulayazi akakhala kuti anaboola chonyezimira chija pamalo pomwe silu imadutsa, funa shafiti ina.

Kagwiridwe kake n'kotere: tenga kathabwa kolimba, uboole bowo locheperako pang'ono kuposa shafiti, ukadule pakati pa bowopo. Zidutswa ziwirizo ndiye zipane shafiti mu vayisi, kumtunda kwenikweni kumene silu sifika. Shafiti ikhale youma, yopanda oyilo, apo ayi izingoterereka. Ngati pali nati pansi pa diso, gwira natiyo ndi sipanala, shafiti osaikhudza n'komwe.

Wakabaza wa ku Jali:
Nanga sipuling'i mumaipana bwanji kunyumba opanda chida chake? Ine ndinaona wina akuipana ndi waya wa mpanda, waya n'kuduka. Mano awiri akutsogolo anatsala pansi pa mtengo wa mango.

Achimwene a ku Songani:
Malamba awiri omangira katundu, aja okhala ndi chokhwimitsira, lina mbali iyi lina mbali inayo, kukoka mosinthanasinthana. Usanayambe tembenuza kolala ya pansi yokhwimitsira sipuling'i ifike pofewa penipeni, mphamvu ichepe. Nkhope isakhale kutsogolo kwa sipuling'i. Ana apite akasewere kwina.

Mnyamata wa pa Chinamwali:
Akuluakulu, ndamasula. Madala munalosera. Mano a pulayazi alipo malo awiri, amodzi pakati penipeni. Chikhadabo chikuchita kuima. Silu nayonso ili ndi kabala pamlomo, koma kakuoneka ngati kodulidwa ndi lumo, osati kodyeka.

Mayi wa masipeya mumsika:
Amenewo ndi mazinga a kumutu kwa shafiti. Unailowetsa silu youma podutsa pa mazinga. Kulunga mazingawo ndi kapulasitiki kopyapyala, ngakhale ka jumbo ya shuga, upake oyilo pa mlomo wa silu, ulowetse mopotoza pang'onopang'ono. Ndiye mwamva nonse, silu inalibe mlandu.

Wowotcherera wa pa Mpondabwino:
Mphwanga, pa mulu wanga wa zitsulo pali mashokapu akufa osachepera khumi. Bwera m'mawa ndi shafiti yakoyo tifananize. Ukapeza yolingana utenge, udzandigulira Fanta.

Madala a ku Matawale:
Mufananize zinthu zitatu: kunenepa, kutalika, ndi mazinga a mbali zonse ziwiri. Posamutsa pisitoni, timawasha topyapyala tija utivulire pa waya mmene tatulukira, koyamba mpaka komaliza, osatembenuza ngakhale kamodzi. Timeneto ndi tomwe timapangitsa kuti shokapu ivute kukoka kusiyana ndi kukankha.

Za muyeso wa oyilo, mphunzitsi wako ndi shokapu yakumanja. Poti sinachuchepo, imasule, ukhuthulire oyilo wake yense m'botolo loyezera, upope shafiti mpaka kudontha kusiye. Muyeso umenewo, kuonjezapo pang'ono wotsalira m'makoma, ndi womwe uthire mbali zonse ziwiri. Usamange imodzi ndi oyilo watsopano ina n'kuisiya ndi wakale, njinga imayenda chopendama pa mabampu.

Mnyamata wa pa Chinamwali:
Ndabwerako ku Mpondabwino, shafiti yapezeka yachinayi. Yakumanja munatuluka mamililita 65, wakuda bii, wonunkha ngati wopserera. Ine Lamulungu lija ndinathira mpaka kukamwa, manyazi ake. Ndathira 68 mbali iliyonse, 10W. Koma ndikamapopa ndi dzanja pali kampata koyamba komwe shafiti ikuyenda yopanda mphamvu, ndipo ikulira fyoo fyoo.

Achimwene a ku Songani:
Ndi mpweya wotsalira m'chubu cham'kati. Iimike chilili, diso la shafiti kumwamba, ukoke mpaka kumapeto. Itembenuze mutu pansi, ukankhe mpaka kumapeto. Bwereza kangapo mosathamanga, kenako uipope ili chilili. Kampatako katha. Ikakhala bwino, kukankha kumakhala kofewerapo, kukoka kolimba kuyambira poyamba mpaka pothera, ndipo ifike pansi penipeni osaima panjira. Ziwirizo uzimve mofanana m'manja usanabwezere masipuling'i. Kalabala ka pa shafiti kaja, kotchinga kuti chitsulo chisagunde chitsulo ikafika pansi, usaiwale.

Mnyamata wa pa Chinamwali:
Zatheka! Zonse ziwiri zikukoka mofanana. Tamanga pa njinga, tayesa msewu wafumbi wa kuseri kwa msika ndi matumba awiri a mchenga. Kunjanja kwatha, shafiti youma. Kwangotsala kaphokoso, kho kho, tikadutsa pa timiyala.

Madala a ku Matawale:
Imeneyo si m'kati. Gwira shokapu pa diso uigwedeze. Mabushi a labala atha, chitsulo chikumenya chitsulo. Sintha onse anayi, ngotchipa. Pomanga manati, njinga itsike pa sitandi, mwini wake akhalepo, ndiye ukhwimitse. Ukakhwimitsa tayala lili m'malere, labala amakhala wopotoka nthawi zonse ndipo sachedwa kung'ambika. Uonenso mabushi a swing'amu, mkono wogwira tayala lakumbuyo uja, pomwepo.

Kasitomala wakoyo umuuze azipukuta shafiti akabwera ku Kachulu, fumbi la kumeneko likasakanikirana ndi oyilo limadya ngati sanipepa. Kolala aikweze akanyamula katundu. Za matumba atatu a 50 kg pa njinga ya 150 sindinenapo, sangandimvere.

Wakabaza wa ku Jali:
Atatu ndi tsiku la malonda oipa, madala.

Mnyamata wa pa Chinamwali:
Mabushi ndasintha, phokoso lazima. Wanyamuka kupita ku Kachulu, ndamuuza adutse Loweruka ndione ngati shafiti ikadali youma. Achimwene a pa Mpondabwino, Fanta yanu ndibweretsa madzulo, ndipo yagasi ija musaikhudze, ndapeza wa minibasi woti aipititse ku Limbe.