Thandizeni abale, C wandizunguza mutu kuno ku Mzuzu

Muli bwanji nonse pa gulu pano. Ma admin pepani post yatalika koma ndilibe kolowera. Ndine mtsikana wa first year ku yunivesite kuno ku Mzuzu, kwathu ndi ku Dowa, ndikuchita lendi ka chipinda ku Luwinga ndi mnzanga. Semester ino tili ndi kosi ya programming ndipo tikuphunzira C. Ine kompyuta ndayamba kuigwira bwinobwino chaka chino, kusekondale kwathu kunalibe, ndiye pomwe anzanga akuthamanga ine ndimakhala ndikusakasaka kaye pomwe pali semicolon pa keyboard.

Chikundidabwitsa nchakuti mkalasi a lecturer akamalemba ma loop (code yomwe imabwerezabwereza) pa bolodi ndimamva zonse mpaka kugwedezera mutu, koma ndikakhala ndekha kuti ndilembe zanga mutu umangoti zii. Dzana anatipatsa ntchito yoti pulogalamu ilandire ma marks atatu nkupeza avereji. Ndaika 70, 65 ndi 80, calculator ikuti 71.67 koma yangayo ikungoti 71, error palibe, ndinalimbana nayo mpaka 1 koloko usiku nditadzikulunga mu bulangete ndi kuzizira kwa kunoku, pomaliza ndinangofunsa ChatGPT nkukopera. Zinatheka inde koma chomwe inasintha sindikuchidziwa, chonsecho mayeso akuti code tidzalemba pa pepala ndi bolopeni.

Laptop ndilibe, ndimabwereka ya mnzangayo akagona. Bambo akuti agulitse mbuzi ziwiri andigulire yogwirako kale koma ndikuopa kuwataitsa mbuzi kenako ine nkudzalephera. Ndiye ndiuzeni zoona, vuto ndi laptop kapena mutu wangawu si wa zimenezi? Ndisinthe kosi kukadali mmawa?

Wa ku Chibavi:
Sisi mutu wanu ulibe vuto, 71 ameneyo anatilizapo tonse. Mu C mukagawa int (nambala yopanda dontho) ndi int yankho limatulukanso int, zakumapeto zija imangodula nkutaya, siichita nkomwe round off. 215 kugawa ndi 3 ikupatsani 71 basi, ngakhale 7/2 imapereka 3. Lembani sum / 3.0 kapena sum akhale float (nambala ya dontho), ndipo pa printf, yomwe imaonetsa yankho, muike %.2f osati %d. Kayeseni pompano mutiuze.

Mwini post:
Achimwene ndaika 3.0 yatuluka 71.67!! Ka dontho kameneka nkomwe kandigoneka 1 koloko? Mulungu akudalitseni

Dolo wa Python:
C ndi ya makolo iyo, inapangidwa cha mu 1972 ndi Dennis Ritchie anthu akuvala mabuluku otambalala kumapazi kkkk. Yambani Python sisi, ilibe za ma semicolon.

Wa ku Chibavi:
Akulu musamusokoneze mwana. Mayeso ake ndi a C ndiye Python imuthandiza chani mwezi uno? Komanso Python yomwe mukuitamayo, imene ambiri timagwiritsa ntchito, inalembedwa mu C momwemo. Adzaiphunzira pa holide, ikadzamuphwekera adzathokoza C.

Anti a ku Katoto:
Mwana wanga ine ndinadutsamo zaka zapitazo ndipo pano ndikudyera momwemo, mvera. Kumva mkalasi ndi kulemba wekha ndi zinthu ziwiri, zili ngati kuonerera amayi akuphika nsima, umaona ngati nzophweka mpaka tsiku lomwe wagwira mthiko wekha nkutuluka ya mibulu. Mibuluyo ndi sukulu yake, usaithawe.

Chomwe chinandipulumutsa ine ndi kope la 40 leaves. Tenga loop yaifupi, tinene for (i = 0; i < 5; i++), pomwe i++ imaonjezera 1 pa i loop ikazungulira, jambula tebulo, variable iliyonse ikhale ndi mzere wake, ndiye iweyo ukhale kompyuta, uziyenda mzere ndi mzere nkumalemba kuti pano i ndi 0, sum ndi zakuti, pano i ndi 1, mpaka loop ithe. Uona wekha kuti yazungulira kasanu koma i mkatimo wathera pa 4. Nchimodzimodzi array (mndandanda) ya zinthu 10, imayambira pa 0 kuthera pa 9, ukaitana ya nambala 10 walowa mmunda mwa eni ndipo C sakuchenjeza. China chomwe chimagwetsa anthu ndi = ndi ==, woyambayo ndi woika chinthu mu variable, wachiwiriyo ndi wofunsa ngati zikufanana, ukalemba if (x = 5) pulogalamu iyenda ndithu koma izingovomera nthawi zonse. Usanagwire keyboard uzilemba kaye masitepe mChichewa momwe, landira nambala, phatikiza, gawa, onetsa. Magetsi azime asazime kope limagwira ntchito.

ChatGPT sindikuletsa koma uzimufunsa kuti code yanga yalakwika pati ndipo chifukwa chani, osati ndilembere.

Mnyamata wa kabaza ku Zolozolo:
Ine za code sindidziwa koma mbuzi zisiyeni kaye ziswane kkkk

Wa third year:
Za laptop zo, ngati foni yanu ili ya Android pangani download Cxxdroid pa Play Store mukapeza wifi, ikalowa imachita compile C popanda bundle. Kulemba pa ka screen nkotopetsa, ma bracket amabisala, koma za first year monga ma loop, ma array ndi ma function zimatheka bwinobwino. Laptop idzafunika ndithu kutsogoloku, nthawiyo musadzalimbane ndi yodula, yakale yomwe batire yake ili moyo imayendetsa bwino Code::Blocks, pulogalamu yolemberamo C. Pa YouTube sakaninso CS50 ya ku Harvard, ndi yaulere ndipo masabata oyambirira amaphunzitsa C yomweyi, kungoti David Malan amayankhula mothamanga ndiye muzichepetsa speed, komanso ma video ake ndi aatali amadya bundle koopsa.

Mwini post:
Zikomo nonse, kapena nditi yewo chomene poti ndayamba kuphunzirako Chitumbuka. Bambo ndawaimbira kuti mbuzi azisiye kaye. Anti kope ndagula, ndayamba ndi while loop ya mu notes koma tebulo langa silikutha, i akungokhala 1 mpaka tsamba ladzadza, ndalakwitsa pati?

Anti a ku Katoto:
Tebulo lako lili bwino, ikanakhala kompyuta bwenzi ikuzungulirabe mpaka pano. Tayang'ana mkati mwa ma bracket mo, i++ unamukopera?