Azakhali anga akuyenera kulowa mu Mtukula Pakhomo kapena ayi?

Wofunsa:
Moni nonse pagulu pano. Ndithandizeni nzeru, makamaka inu amene munakhalapo m'makomiti a kumudzi. Ndili ndi azakhali anga kwa Njema ku Mulanje, chakufupi ndi Muloza. Ndi okalamba, zaka zapitirira 70, mawondo anatha moti amapalira chokhala pansi. Akulera adzukulu anayi, ana a mwana wawo wamkazi amene anatisiya. Nyumba inagwa ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndipo mpaka lero onse amagona m'kakhitchini komwe tinafolera ndi pepala lakuda. Kadimba kawo kanakwiririka ndi mchenga ndi miyala.

Dzina lawo mu Mtukula Pakhomo, thandizo la ndalama lomwe boma limapereka kwa mabanja osaukitsitsa, mulibe. Akafunsa, anthu amangoti, "Inu muli ndi mwana wogwira ntchito ku esiteti." Zoona, amathyola tiyi, koma ndi wa sizoni, masamba akachepa amamuimitsa. Komanso ali kuchikamwini, ali ndi ana akeake oti adyetse. Kodi zimenezi zingawalepheretse? Ine ndimagulitsa kaunjika ku Limbe, kangachepe komwe ndimatumiza sikafika pakati pa mwezi. Ndiyambire kwa amfumu kapena ku Boma?

Bambo wa ku Chitakale:
Pepani achemwali. Ndinakhalapo mukomiti, ndiye ndikuuzeni mmene tinkachitira. Tinkayang'ana zinthu ziwiri, ndipo zonse zizipezeka pamodzi: banja likhale losaukitsitsa, komanso likhale lopanda munthu wamphamvu zogwirira ntchito. Wamphamvu ndi wa zaka 19 mpaka 64 amene sakudwala matenda amgonagona ndipo alibe ulumali. Ngakhale atakhalapo mmodzi, ngati akusamala anthu opitirira atatu banjalo limaganiziridwabe. Tsono pakhomo tinkawerenga amene amadya mumphika umodzi. Mwana amene ali kuchikamwini ndi wa khomo lina, sayenera kuwerengedwa kwa azakhali anu. Chovuta n'choti ankatenga mabanja 10 okha pa 100 alionse, ndiye oyenera ambiri ankatsala. Zinkatipweteka nafenso, chifukwa otsalawo ndi anthu oti timakumana nawo pamaliro ndi kutchalitchi.

Mayi wa ku Luchenza:
Musanadandaule fufuzani kaye ngati analembedwa mukaundula wa boma wa mabanja wotchedwa UBR, chifukwa maina amachokera mmenemo. Mwina tsiku lomwe olemba anabwera anamulemba mnyamatayo ngati wa pakhomopo. Pitani ku ofesi ya Social Welfare pa Mulanje Boma, mukafotokoze zonse monga mwalembera apamu. Amfumu muwadziwitse mwaulemu, koma si iwo osankha paokha. Ndipo wina akati mumupatse ya fanta kuti alowetse dzina, mukane. Kulembetsa n'kwaulere.

Mphunzitsi wa kwa Mabuka:
Ine nkhawa yanga ndi anawo. Akupita kusukulu? Banja likalowa, pamakhala kandalama kapamwamba ka mwana aliyense wa pasukulu, choncho mutenge maina awo, makalasi ndi sukulu yomwe amaphunzira. Chonde asawasiyitse kuti azikagulitsa nanazi pamsewu, akazolowera ndalama kubwerera m'kalasi kumavuta.

Mnyamata wa ku Limbuli:
Za feteleza wotsika mtengo ndi nkhani ina, imadzera kwa alangizi a zaulimi. Mufunsenso kumeneko. Zonsezi koma pamafunika chiphaso cha unzika.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Ana atatu ali kupulaimale, wamkulu ndiye wayamba kujomba. Ndangowaimbira azakhali kudzera pa foni ya aneba, akuti chiphaso chawo chinapita ndi madzi pamodzi ndi chikwama chomwe ankasungamo makadi a kusikelo. Nditani pamenepa?

Bambo wa ku Chitakale:
Ndiye yambani ndi chimenecho, achemwali. Katengeni lipoti la kupolisi loti chinatayika, kenako mupite nawo ku ofesi ya NRB, yomwe imapereka ziphaso za unzika, pa Boma. Popeza kuyenda kumawavuta, apezereni njinga yamoto yowafikitsa pamsewu, mulawire m'mamawa, ndipo mukatuluka ku NRB mudzere ku Social Welfare tsiku lomwelo kuti thiransipoti isakudyereni kawiri.