Sewero la nyimbo m'chigafa cha fodya: munaliona bwanji?

Funso: Loweruka lapitali ndinaonera sewero la nyimbo limene achinyamata anachitira m'chigafa cha fodya pafupi ndi Chipata, ndipo tinakhala pamphasa moyandikana ndi oimba moti tinkamva kupuma kwawo. Kodi inu amene munalipo, kuyandikana kumeneku kunakusangalatsani?

Yankho loyamba: Ine bambo, zinandikhudza mtima kwambiri. Mtsikana amene ankaimba nyimbo yolira amayi ake anagwada pafupi ndi mapazi anga, wopanda maikolofoni, ndipo agogo ena amene anali pambali panga anayamba kupukuta misozi ndi chitenje chawo n'kumavomereza nyimboyo chapansipansi.

Yankho lachiwiri: Pepani, ine sindinamasuke. Pamwambo wa Kulamba ku Mkaika timaonera Gule Wamkulu titatalikira, pabwalo lalikulu, koma apa woimba ankandiyang'ana m'maso, ndipo ndinachita manyazi pamaso pa apongozi anga. Ng'oma nazonso zinkaphimba mawu chifukwa malowo ndi ochepa.

Yankho lachitatu: Za ng'omazo mwanena zoona, mayi. Komabe nkhaniyo inali ya banja la alimi, ndipo fungo la fodya limene linatsalira m'mitengo ya chigafacho linandikumbutsa malemu bambo anga akusoka masamba usiku.