Ndiyambe kugula chiyani pa zida zoitanira thandizo ndikavuuka kutali ndi boti?

Nangula:

Moni nonse. Ndangomaliza maphunziro oyamba a kusambira pansi pa madzi ndi silinda ya mpweya, ndipo ndikufuna kuyamba kupita ndi maboti kumalo amene madzi ake amathamanga. Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi kuvuuka kutali, a m'boti osandiona. Alangizi athu anatchula DSMB (chubu chopopa mpweya chosonyeza pamene munthu ali), wezulo, galasi, tochi ndi tizipangizo totumiza uthenga pa wayilesi, koma nthawi inachepa moti sanafotokoze kuti chofunika koposa ndi chiti. Ndalama zanga sizingakwanire zonse pakamodzi, komanso sindikufuna kuti zinthu zizilendewera thupi lonse. Inu amene munayamba kale, ndiyambire pati, ndipo zimenezi mumazinyamula bwanji?

Kamba:

A Nangula, yambani ndi DSMB pamodzi ndi chokulungira chingwe chake, zina zonse zibwere pambuyo. Munthu akamayandama, chimene chimaonekera pamwamba pa madzi ndi mutu wokha, kawirikawiri atavalanso zakuda, ndipo funde laling'ono lokha limamubisa. Inuyo boti mumaliona bwinobwino chifukwa ndi lalikulu, n'chifukwa chake ambiri amaganiza kuti nawonso akuonedwa, pamene a m'botiwo akungoona madzi okhaokha. Madzi oyenda pa liwiro la knot imodzi amakukokani pafupifupi makilomita 1.85 pa ola, kutanthauza kuti pa mphindi 20 zokha mwapita mamita oposa 600, ndipo munthu wovala zida zonse sangalimbane ndi madzi otere kwa nthawi yaitali.

DSMB ndi chubu chachitali chowala chimene mumachipopa mpweya muli pansi pa madzi n'kuchitumiza pamwamba chili pa chingwe. Ubwino wake waukulu ndi woti a m'boti amadziwa pamene muli musanavuuke. Pamene mwaima pa mamita 5 kwa mphindi 3 zija kuti thupi lichotse mpweya wa nitrogen, madzi amakhala akukusunthani, koma woyendetsa boti amangotsatira chubucho, ndipo maboti ena odutsa amadziwanso kuti pansi pali munthu. Musagule chachifupi kuposa mamita 1.2, ndipo ngati mudzapita kumene kuli mafunde aakulu, cha mamita 1.8 ndicho chabwino. Sankhani chotseka kumunsi kapena chodzitseka chokha, chokhala ndi valavu yotulutsa mpweya ukachuluka, chifukwa chotsegula kumunsi chikagwa chammbali pamwamba pa madzi mpweya umathawa n'kuphwa.

Kumbukiraninso kuti mpweya umafutukuka ukamakwera. Umene mwaika pa mamita 10 umafika pamwamba utawirikiza kawiri, choncho theka la chubu ndi lokwanira, koma pa mamita 5 umangowonjezekera ndi theka, ndiye muyenera kudzaza pafupifupi magawo awiri mwa atatu. Apa ndi pamene pali ngozi yeniyeni, ndipo ndikupemphani kuti mumvetse bwino. Potumiza chubucho musamangirire chokulungira chingwe pa thupi lanu, chifukwa chingwe chikakodwa chimakukokerani pamwamba mothamanga, zimene zingavulaze mapapo kapena kuyambitsa matenda obwera chifukwa chovuuka msanga. Chikakodwa, chisiyeni chipite. Yambani kuyeserera pa madzi osaya ndi odekha, alangizi ali pambali panu, kufikira manja atazolowera. Mukavuuka, kokerani kumunsi kwa chubu pansi pa madzi kuti chiime chilili, pakuti chogona pa madzi sichioneka patali.

Nyenyezi:

Ndikugwirizana ndi a Kamba, koma chubu chimathandiza pokhapokha kukuwala ndiponso wina akuyang'ana kumene muli. Wezulo ndi yotsika mtengo kwambiri moti palibe chifukwa choisiyira. Gulani yopanda kampira m'kati, monga Fox 40, chifukwa kampirako kakanyowa kamakakamira ndipo wezulo silira bwino. Komabe musaidalire mopitirira muyeso, popeza mphepo ikamachokera kumene kuli boti, injini ikulira, mawu ake safika patali. Pali hutala yolumikiza pa paipi yopopera jekete yoyandamitsa, monga Dive Alert, imene imamveka kutali kuposa wezulo, koma imagwiritsa ntchito mpweya wa m'silinda, ndiye silinda ikatha nayonso yatha. Poiliza, italikitseni ndi makutu anu ndi a mnzanu.

Chimene ndimachilimbikitsa kwambiri ndi tochi, ngakhale pa ulendo wa masana. Munthu akasowa madzulo, kumufunafuna kumapitirira mpaka usiku, ndipo mu mdima kuwala kwakung'ono kumaoneka patali kuposa chubu chilichonse. Mukawalitsa tochi m'kati mwa DSMB kuchokera kumunsi, chubu chonse chimayaka ngati nyali. Tochi yothwanima ndi yabwinonso chifukwa batire lake limakhalitsa. Chizindikiro choitanira thandizo cha SOS ndi kuthwanima kwakufupi katatu, kwakutali katatu, kenaka kwakufupi katatu. Galasi laling'ono silifuna batire, ndipo dzuwa likakhalapo limaonedwa ndi ndege kapena sitima ya kutali. Tambasulani dzanja, ikani botilo pakati pa zala ziwiri, kenaka yendetsani galasi pafupi ndi diso kufikira kuwala kutagwera pa zalazo.

Chiwongolero:

Ine ndimayendetsa boti la osambira pansi pa madzi, choncho ndilankhulapo monga munthu amene amakufunafunani. Pa tizipangizo ta wayilesi pali mitundu iwiri imene anthu amaisokoneza, ndipo musanagule dzifunseni kuti uthenga wanu adzaulandira ndani.

Mtundu woyamba umatumiza malo amene muli kudzera pa AIS ndi DSC (njira za wayilesi zimene maboti ndi sitima zimadziwitsirana malo ndi kuitanira thandizo), monga kachipangizo ka Nautilus LifeLine, kamene kanapangidwa kuti katsike ndi munthu pansi pa madzi kali kotseka. Uthenga wake umayenda pa wayilesi ya VHF kupita ku maboti ndi sitima zapafupi zimene zili ndi zolandirira, ndipo ngati boti lanu lili nazo, ine ndimaona pamene muli n'kubwera molunjika. Vuto lake ndi loti kanyanga kake kotumizira uthenga kamakhala pafupi kwambiri ndi madzi, choncho uthenga sufika patali monga mmene ungafikire kuchokera pa sitima, ndipo kumalo opanda maboti okhala ndi AIS palibe amene akumva.

Mtundu wachiwiri ndi PLB (kachipangizo konyamula m'manja koitanira opulumutsa anthu), imene imatumiza uthenga pa mafunde a wayilesi a 406 MHz kupita ku masetilaiti a Cospas-Sarsat, dongosolo limene linayambitsidwa ndi mayiko a Canada, France, America ndi Soviet Union ndipo linayamba kupulumutsa anthu mu 1982. Uthengawo umafika ku likulu la opulumutsa anthu, ndipo opulumutsawo akayandikira amalondola chizindikiro china cha pa 121.5 MHz. Imagwira ntchito kulikonse pa dziko, koma thandizo limachedwerapo chifukwa uthenga umadutsa m'manja ambiri, ndipo PLB wamba sidziwitsa boti lanu mwachindunji. PLB zambiri sizipirira kupsinja kwa madzi akuya, choncho muyenera kugulanso chitini chake cholimba, komanso kuilembetsa m'dzina lanu. Maganizo anga ndi oti pa maulendo a pafupi ndi gombe, ndi boti lodziwa ntchito, mukhoza kudikira kaye, koma kuzilumba zakutali kumene madzi amathamanga musapite opanda chimodzi mwa ziwirizi.

Palinso mbali ya ife a m'boti. Mu Januwale 1998, Tom ndi Eileen Lonergan anasiyidwa m'madzi ku Great Barrier Reef ku Australia chifukwa chowerenga anthu molakwika, ndipo zinadziwika patapita masiku awiri. Sanapezekenso. Choncho musanalowe m'madzi funsani ngati amaitana mayina mmodzimmodzi pobwerera, ndipo muwauze mtundu wa chubu chanu ndi nthawi imene mukuyembekeza kuvuuka.

Nangula:

Zikomo kwambiri nonse, ndayamba kuona poyambira. Ndatsala ndi mafunso awiri. Ndaona machubu a olenji ndi achikasu, kodi mtundu uli ndi tanthauzo? Ndipo zonsezi ndiziika pati kuti zisakodwe?

Kamba:

Gulani cha olenji kapena chofiira, chifukwa ndicho chimadziwika ngati chizindikiro cha nthawi zonse. M'magulu ena, makamaka a anthu otsika mozama kwambiri, chachikasu chimatanthauza kuti pansi pali vuto, mwachitsanzo mpweya wachepa, koma si kulikonse kumene amatsatira zimenezi, n'chifukwa chake muyenera kugwirizana ndi a m'boti musanatsike. Chimodzimodzi ndi manja: kugwira pamutu kumatanthauza kuti muli bwino, pamene kukupiza manja m'mwamba ndi kuitana thandizo, ndiye musamakupize pongopereka moni.

Pa kanyamulidwe, chilichonse chikhale ndi malo ake osasintha amene mungawafike ndi dzanja limodzi osayang'ana, mutavala magolovesi. Chubu ndi chokulungira chingwe zikhale m'thumba la jekete kapena la pantchafu, zitamangidwa ndi kokolera ku mphete ya m'thumbamo kuti zisagwe mukamatulutsa china. Wezulo imangidwe ndi kachingwe kafupi pafupi ndi phewa, pamene ingafike pakamwa. Musamangirire chida chilichonse choitanira thandizo pa lamba wa zolemetsa, chifukwa pa nthawi ya vuto lambayo ndi amene mumayamba kutaya kuti muyandame bwino. Mukabwerera kumtunda tsukani zonse ndi madzi opanda mchere, tambasulani chingwe kuti chiume, ndipo ulendo uliwonse usanayambe popani chubu kuti muone ngati sichikutaya mpweya, yatsani tochi, ndipo muone tsiku lotha ntchito lolembedwa pa batire la PLB.