Makleimu a mapiritsi olera a pangozi abwezedwanso, ndikulakwitsa pati?

Chikondi, famase, Salima boma:
Akuluakulu thandizeni, mutu waima. Makleimu (mapepala opempha malipiro) atatu a piritsi la pangozi la levonorgestrel 1.5 mg abwezedwa onse, a sikimu ya inshuwalansi ya zachipatala akuti salipira. Onse atatu anali ndi makhadi a sikimu abwinobwino, ndinawapatsa pa kauntala popanda prescription chifukwa linali Loweruka madzulo ndipo mmodzi anali atadutsa kale maola 60. Pano abwana akuti adula pa malipiro anga. Vuto ndi kalembedwe kanga kapena mapiritsi a pangoziwa salipira n'komwe? Nanga wopanda khadi, ndalamanso zaperewera, inu mumamutani?

A Banda, clinical officer, Nkhotakota:
Ku boma kulera ndi kwaulere. Atumizeni kuchipatala cha boma, nkhani yatha.

Mayi Nachisale, pharmacist:
Chikondi mwanawe, ona kaye chifukwa chimene alemba pa pepala lobweza, poti zifukwa zake n'zosiyana. Ngati ndi prescription, sikimu zambiri zimasiyanitsa mankhwala ogula pa kauntala ndi olembedwa ndi dokotala. Kleimu yopanda dzina la wolemba, nambala yake ya ku khonsolo ya madokotala, siginecha ya kasitomala ndi tsiku logwirizana ndi lisiti siipita patali. Nambala (code) ya matendanso isasowe, za kulera zili pa Z30. Koma ngati pulani ya munthuyo inachotseratu za kulera, ngakhale ulembe mokongola bwanji sakupatsa kanthu. Imbira a sikimu Lolemba, uwafunse pulani ndi pulani, zimene ayankhe uzilembe papepala umate pa kauntala. Chimodzi chokha: usapemphe clinician kuti akulembere prescription ya tsiku la m'mbuyo. Zimenezo n'zimene zimachotsetsa anthu ziphaso.

Yamikani, pharm tech, Dwangwa:
Kuwonjezera pa za amayi. Musanatenge khadi funsani kuti mwini wake ndani. Ngati ndi mtsikana amene ali pa khadi la bambo ake, kapena mayi pa khadi la amuna awo, sitetimenti imapita kwa mwini khadi ndipo dzina la mankhwala likhoza kuonekera. Ambiri mukawauza zimenezi amabweza khadi m'chikwama n'kutulutsa ndalama. Auzeni musanalembe kalikonse, chapansipansi, osati pamzere pali anthu.

A Banda:
N'chifukwa chake ndikuti ku boma. Kulibe sitetimenti, kulibe kleimu.

Sisita Mwale, namwino wa za kulera, Salima:
A Banda, mukunena zoona koma theka. Chipinda cha kulera Loweruka usiku chimakhala chotseka, amene ali pa OPD sikuti nthawi zonse ali ndi makiyi. Munthu wochokera ku Senga Bay kapena ku Chipoka, thiransipoti yopita ndi kubwera ikhoza kuposa mtengo wa piritsi. Ndipo piritsili limathamangitsana ndi nthawi. Ntchito yake n'kuchedwetsa dzira kuti lisatuluke, likatuluka kale palibe chimene lichite. Mkati mwa maola 72 m'pamene limathandiza bwino, mpaka 120 timaperekabe koma mphamvu imakhala ikutsika. Wa maola 60 uja Chikondi anachita bwino kumupatsa pompo.

Za wopanda ndalama. Ngati muli ndi Microgynon, mapiritsi olera a tsiku ndi tsiku aja, amwe mapiritsi 4 tsopano, ena 4 pakatha maola 12. Atengedwe pa 21 aja, osati abulauni 7 a kumapeto, amenewo ndi a ayironi chabe. Njirayi ndi yofooka poyerekeza ndi levonorgestrel payekha ndipo imachititsa nseru kwambiri, choncho mankhwala oletsa kusanza ayambe. Microlut, mtundu wina wa a tsiku ndi tsiku, nayenso amatheka koma ndi mapiritsi 50 nthawi imodzi, muwerengereni nokha, munthu akamva nambala imeneyo amayesa mukufuna kumupha. Paketi ya levonorgestrel ya mapiritsi awiri a 0.75 ija amwe onse awiri limodzi, palibe chifukwa chodikira maola 12, wachiwiriyo ndi amene amaiwalika.

Yamikani:
Akasanza pasanathe maola awiri abwereze dozi. Pamenepo ndiye kulipira kawiri, muzimuchenjezeratu.

Dr Kamanga:
Chimene chikundidetsa nkhawa si kleimu ayi. Pa kauntala mumafunsa za mankhwala ena amene akumwa? Rifampicin, efavirenz, carbamazepine, phenytoin ndi phenobarbitone amafulumizitsa chiwindi kuphwanya levonorgestrel, ndipo zimapitirira mpaka milungu inayi munthu atasiya kumwa. Oterewa apatseni 3 mg, kutanthauza awiri a 1.5, kapena apite kukaika lupu. Wa ma ARV a TLD alibe vuto, dolutegravir amene ali mmenemo sasokoneza, koma musangoganiza kuti aliyense wa ma ARV ali pa TLD, onani m'buku lake la kuchipatala. Wa TB ndiye osaphonya, poti rifampicin ndi mankhwala a TB. Wonenepa kwambiri, wopitirira makilo 70, piritsi limodzi likhoza kuchepa mphamvu. Ulipristal 30 mg angamuthandize bwino koma kuno kumupeza n'kovuta ndipo ndi wodula, komanso sayenda ndi mankhwala ndatchulawa.

Mukapereka awiri lembani chifukwa chake pa kleimu, apo ayi aona ngati mwabwereza mwangozi n'kudula limodzi.

A Banda:
Lupuyo akaika kuti? Ku boma. Kwaulere. Mkati mwa masiku asanu imaposa piritsi lililonse ndipo amakhala nayo zaka 10. Mukuvutikiranji ndi mapepala?

Sisita Mwale:
Pokhapokha woika alipo tsiku limenelo ndipo zida zaphikidwa, achimwene. Muyambe mwaimba foni musanamutumize. A Banja La Mtsogolo nawonso amaika, funsani tsiku limene ali kufupi. Koma ngakhale mukumutumiza, piritsi amweretu, mwina sakafika n'komwe.

Mayi Nachisale:
Pa zotchipa samalani. Mtengo ukakwera m'pamene amabwera anyamata a zikwama aja ndi katoni za theka la mtengo. Onani ngati mankhwalawo analembetsedwa ku PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala, batch ya pa katoni ifanane ndi ya pa kapepala ka mapiritsi, tsiku lotha lisakhale lomata. Wopanda invoice musamugule. Mankhwala a boma otuluka pakhomo la kuseri ndiye musawakhudze n'komwe. Jeneriki wochokera kwa wholesaler wovomerezeka ndi levonorgestrel yemweyo, sungani mitundu iwiri kuti amene sangakwanitse wa dzina lodziwika uja, Postinor-2, asabwerere chimanjamanja. Komanso kutentha kwa kunyanja kuno mu Okutobala, shelefu yoyandikana ndi malata si malo ake. Pa katoni pamalembedwa kuti kutentha kusapitirire madigiri 25 kapena 30, ikani thermometer muone nokha masana.

Dr Kamanga:
China. Funsani mofatsa ngati zinachitika mwa kufuna kwake. Ngati anagwiriridwa, kapena ndi mwana, za khadi zisiyeni, apite kuchipatala cha boma lero lomwe. PEP, mankhwala oteteza ku HIV, nayenso ndi maola 72 ndipo sadikira. Kondomu ikaphulika ndi munthu amene sakudziwa za magazi ake, chimodzimodzi. Aliyense muzimuuza kuti piritsili silichotsa mimba imene ilipo kale, silitetezanso za mawa. Msambo ukachedwa kupitirira sabata akayezetse.

A Banda:
Mwaona? Adokotala nawonso akuti ku boma.

Yamikani:
Kkkk a Banda simutopa. Chikondi, pepala lobweza lija likuti chani kwenikweni? Tajambula, ubise mayina.